Zomwe ndaphunzira poonera phiri likuphulika pafoni

Ndikubwereza MSCE chaka chino, makalasi ndimalowa madzulo ndipo masana ndimakhala ku shopu ya achimwene ku Limbe. Mu jogalafe mutu wa mapiri ophulika ulendo woyamba uja ndinangouloweza basi, magma, lava, vent, crater, dyke, sill, batholith, mawu onsewa ndinkawatchula bwinobwino koma mukanandifunsa kuti nanga chimaponya mwala wosungunuka m'mwamba nchiyani, ndikanayankha kuti moto. Ndipo ambirife ndi mmene timaganizira, timati phiri likulavula moto, pansi pa dziko pali moto, nde nkhani yathera pomwepo.

Mwezi wathawu aphunzitsi athu atamaliza kujambula phiri pa bolodi anatiuza kuti amene ali ndi foni ya intaneti akasake Kilauea pa YouTube, bungwe la boma la America loona za miyala ndi zivomezi, la USGS, linaika makamera omwe amaonetsa phirilo usana ndi usiku. Kilauea ili pa chilumba chachikulu cha Hawaii, pakati penipeni pa nyanja ya Pacific, ndipo kuyambira pa 23 December 2024 yakhala ikuphulika modukizadukiza mkati mwa chidzenje chake cha pamwamba chotchedwa Halemaʻumaʻu. Imathovola chiphalaphala, mwala wosungunuka womwe m'buku amati lava, kwa maola angapo, nthawi zina kupitirira tsiku, kenako zii, kupuma masiku angapo kapena sabata ndi kupitirira, kenako kuyambiranso.

Chinthu choyamba chomwe ndinazindikira nchakuti ife ndi Hawaii timasiyana maola 12 ndendende. Kuno ikamakwana 12 koloko masana, anthu akudya chips pa msika wa Limbe, kumeneko ndi pakati pa usiku. Nde nthawi yanga yopuma masana ndi nthawi yomwe chiphalaphala chimaoneka bwino kwambiri chifukwa kumakhala mdima. Masiku anayi oyamba ndinangoona utsi ndi kakuwala kofiira pansi pa chidzenjecho, bundle ikungotha, ndinatsala pang'ono kusiya. Tsiku lachisanu nditatsegula foni ndinangoti kakasi. Chinthu chofiira chachikasu chitaima chilili mumdima ngati mtengo wa bulugamu, koma sichinaime ayi, chimakwera mothamanga, pamwamba pake nkumwazika, zidutswa zikamagwa zimayamba zofiira kenako kuda zisanafike pansi, ndipo m'munsi mwake mitsinje yowala ikuyenderera ngati mizu. Kasitomala wina anabwera kudzagula sopo ndinamuonetsa, anaima pa kauntala mphindi zingapo osalankhula, kenako anangoti "ndi zenizeni zimenezi?"

Pa foni sungadziwe kukula kwake chifukwa palibe nyumba kapena munthu pafupi woti uyerekezere. Nditawerenga ndinapeza kuti maulendo angapo m'chaka cha 2025 chiphalaphalachi chinakwera kupitirira mamita 300, ndipo m'chaka cha 1959 pamalo ena a phiri lomweli otchedwa Kilauea Iki chinafika mamita pafupifupi 580. Ndinayesa kuganiza bwalo la mpira la pa Kamuzu Stadium, uliimike mulitali, kenako usanjike ena anayi pamwamba pake, ukhalabe usanafike. Ndipo ukumbukire kuti simadzi amenewo, ndi mwala.

Lamulungu ndinaonetsa agogo kunyumba ku Bangwe. Agogo kwawo ndi ku Mulanje ndipo nkhani za phiri samazitenga mwachibwana. Anagwira foni ndi manja awiri, kuibweretsa pafupi ndi maso, anaonera kwa kanthawi ndithu kenako anandifunsa kuti "iwe, kodi kumeneko anthu alipo?" Ndinati agogo pamene pakuphulikapo ndi mkati mwa paki, palibe nyumba za anthu. Nde anati "Napolo wa kumeneko ndi wamoto eti." Sindinawatsutse, chifukwa ku Hawaii nakonso eni dziko ali ndi chikhulupiriro chawo, amati m'chidzenje chimenechi mumakhala Pele, mulungu wawo wamkazi wa mapiri ophulika, ndipo amalemekeza malowo mpaka lero. Ndiyeno agogo anandifunsa funso lomwe linandisowetsa pogwira, anati "nanga moto umenewu ukuyaka ndi nkhuni zanji?"

Funso limeneli ndi lomwe linanditsegula mutu. Palibe chomwe chikuyaka pamenepo. Moto umafuna nkhuni, makala, mafuta, china chake choti chipse nkusanduka phulusa. Chiphalaphala sichipsa, chimangowala chifukwa chatentha kwambiri, mmene chitsulo chimafiirira kwa owotcherera mageti. Cha ku Kilauea chimatuluka chili pa madigiri pakati pa 1,100 ndi 1,200. Madzi amawira pa 100, aluminiyamu yomwe anthu amasungunula popanga mapoto imasungunuka pa 660, nde muone nokha kuti tikukamba kutentha kotani.

Tsono ngati si moto, chikuchiponya m'mwamba nchiyani? Ndi mpweya, ndipo apa ndi pomwe ndinakhala nthawi yaitali. Mwala wosungunuka ukadali pansi, womwe timautcha magma, umakhala ndi mpweya wosungunukira mkati mwake, makamaka nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi sulphur dioxide. Pansi kwambiri miyala ya pamwamba imaupanikiza moti mpweyawo sungatuluke ndipo suoneka nkomwe. Magma ikamakwera kupanikizika kuja kumachepa, timathovu timayamba kuoneka, timakula, nkumakankha zonse m'mwamba mothamanga, ndipo zikamakwera kupanikizika kumachepanso, thovu kuwonjezereka, liwiro kuwonjezereka, mpaka pakamwa pa dzenjelo zimangotulukira limodzi, mpweya ukung'amba mwala wosungunuka uja tizidutswa nkuuponya kumwamba. Aliyense amene anagulapo thobwa la m'botolo lomwe lagona tsiku limodzi padzuwa akudziwa zimenezi. Botolo limakhala gwa, thobwa lili phee mkati ngati palibe kanthu, ukangopotokola chitsekerero limafufuma nkukuthira m'manja ndi pa malaya. Sunawonjezere kanthu m'botolomo, wangochotsa chomwe chimapanikiza mpweya umene unalimo kale.

Funso lina lomwe linabwera lokha nlakuti nanga bwanji mapiri ena sachita chonchi koma amangophulika kamodzi ngati bomba, phulusa kudetsa kumwamba konse, ngati Mount St Helens ku America mu 1980 kapena Pinatubo ku Philippines mu 1991. Yankho ndinalimvetsa madzulo ena mlamu wanga akuphika nsima. Phala likadali lamadzimadzi limawira mosavuta, timathovu tambirimbiri tikutuluka, nthunzi ikupeza njira. Akangowonjezera ufa nkuyamba kulimba, nthunzi imatsekeredwa mkati, limatupa malo amodzi kenako phuu, nkukulumphira padzanja. Magma nayo ili choncho ndipo ufa wake ndi silica, chinthu chomwe chimapezekanso mu mchenga ndi mu galasi. Ya ku Hawaii ndi ya mtundu wa basalt, silica ndi wochepa, nde ndi yopyapyala, mpweya umatuluka nayo limodzi ngati kasupe. Ya ku Pinatubo inali ndi silica wambiri, yolimba, yomata, imasunga mpweya mpaka phirilo kulephera kupirira. M'buku yopyapyalayo inalembedwa kuti basic lava, yolimbayo acidic lava, ndinaziloweza zaka ziwiri zapitazo, koma ndazimva pa mbaula.

Chomwe chandikoka mtima kuposa zonse si chiphalaphala chowalacho ayi, ndi masiku omwe phiri limakhala chete. Poyamba ndinkaona ngati palibe chochitika. Koma akatswiri a Hawaiian Volcano Observatory, malo omwe anayambitsidwa ndi Thomas Jaggar mu 1912, amaika poyera miyezo yawo tsiku ndi tsiku, ndipo pali kachipangizo kotchedwa tiltmeter komwe kamayeza kupendekeka kwa nthaka. Magma ikamadzadza m'nkhokwe yake pansi pa phiri, phiri lonse limatupa pang'onopang'ono, nthaka nkupendekekera kunja. Kupendekeka kwake nkochepa koti munthu ataima pomwepo sangamve, amakuyeza mu microradian, ndipo microradian imodzi ili ngati utenge thabwa lotalika kilomita imodzi nkukweza mbali imodzi ndi milimita imodzi yokha. Ukayang'ana graph yake imaoneka ngati mano a sowo, mzere kukwera pang'onopang'ono kwa masiku, kenako kugwa mwadzidzidzi tsiku lomwe chiphalaphala chathovoka chifukwa nkhokwe ija yapungulidwa, kenako kuyambanso kukwera. Ndi zimenezi pamodzi ndi kunjenjemera kwa nthaka komanso mpweya womwe ukutuluka, amatha kunena masiku omwe akuyembekezera kuti chiyambiranso. Ndinayamba kukopera mzerewo kumbuyo kwa kope langa la jogalafe, tsiku lililonse kadontho kamodzi, ndipo ndinaonanso kuti chisanathovoke chimayamba kaye kusefukira pakamwa pa dzenje nkubwereranso mkati, kusefukira nkubwerera, kangapo konse, ngati mkaka womwe ukufuna kutayika pamoto. Tsiku lomwe ndinauza mnzanga wa m'kalasi kuti aise tsegula foni mawa kapena mkuja, nkupezeka kuti chayambadi, ndinamva chimwemwe chomwe sukulu inali isanandipatsepo.

Pali tina tating'ono tomwe ndatola m'njira. Timadontho ta chiphalaphala tikamauluka mphepo imatikoka nkusanduka timaulusi ta galasi topyapyala ngati tsitsi, amati tsitsi la Pele, ndipo timatha kugwera kutali, kulasa khungu ndi maso komanso kulowa m'matanki a madzi a mvula. Sulphur dioxide uja akasakanikirana ndi chinyezi ndi dzuwa amapanga chifunga chomwe amachitcha vog, chovuta kwambiri kwa anthu a mphumu. Komanso Hawaii sili m'malire a zigawo za nthaka ngati mapiri ambiri ophulika, ili pamwamba pa malo otentha omwe amati hot spot, chigawo cha Pacific chikuyenda pamwamba pake masentimita ochepa pa chaka, nchifukwa chake zilumbazo zinandandalikana mumzere, zakale kwambiri kumpoto chakumadzulo.

Koma funso la agogo lija loti kodi anthu alipo silinandichoke. Ndikosavuta kuonera pa foni nkumati kukongola, chifukwa panopa zonse zikuthera m'chidzenje. Phiri lomweli mu 2018 linang'ambika m'munsi, kumene kumakhala anthu, nkukwirira nyumba zoposa 700. Ndipo sitifunika kupita kutali chotero. Ku Goma, kum'mawa kwa DRC, phiri la Nyiragongo lili pafupi kwambiri ndi mzinda ndipo chiphalaphala chake nchopyapyala kuposa cha ku Hawaii, chimathamanga. Mu January 2002 chinadutsa pakati pa tauni, kukwirira mbali ya bwalo la ndege mpaka kukafika ku nyanja ya Kivu, anthu zikwi mazanamazana kuthawira ku Rwanda. Pa 22 May 2021 linaphulikanso usiku, anthu kuthawa mumdima atasenza matiresi ndi ana. Ife a ku Blantyre amene tinaona zomwe phiri la Soche linachita ku Chilobwe nthawi ya Freddy mu March 2023 tikudziwa tanthauzo la phiri kutsikira pa nyumba za anthu usiku, ngakhale kuti lathu linali matope ndi miyala. Nchifukwa chake kamzere ka tiltmeter kaja sindikaona ngati masewera a anthu ophunzira, ndi nthawi yoti munthu anyamule ana achoke.

Ndinafunsa aphunzitsi ngati kuno kwathu zingachitike. Anati m'Malawi muno tilibe phiri lomwe likuphulika, koma tili mkati mwa chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, ndipo nyanja ya Malawi ili m'mng'alu umenewu, pomwe nthaka ikutanuka pang'onopang'ono. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu December 2009 zikuchokera pamenepo, akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde chimodzimodzi. Ukangodutsa malire a ku Songwe kulowa Tanzania, chakufupi ndi Mbeya, kuli mapiri a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo omwe ndi mapiri ophulika enieni. Kumpoto kwa Tanzania kulinso Ol Doinyo Lengai lomwe chiphalaphala chake nchachilendo, cha carbonatite, chimatuluka chakuda, chosatentha kwambiri ngati cha ku Hawaii, kenako chimayera chikakhalitsa panja. Miyala ya banja lomwelo ilipo kuno, ku Kangankunde m'boma la Balaka, pa chilumba cha Chilwa, ku Songwe Hill ku Phalombe, ndipo ndi momwe muli miyala ya mtengo wapatali ya rare earth yomwe timaimva pa wailesi.

Kenako anatchula Mulanje. Phiri la Mulanje silinaphulikepo ngati Kilauea, koma mwala wake, granite ndi syenite, unali magma yomwe inakwera zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo nkuima isanafike pamwamba. Inazizirira pansi pomwepo pang'onopang'ono, nchifukwa chake ukatola mwala wa ku Mulanje umaona timibulu take ndi maso, pomwe basalt yomwe yazizira msanga panja imakhala yakuda yosalala mibulu yake yosaoneka. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa yomwe inauphimba mpaka unatsala poyera, Sapitwa nkufika mamita 3,002. Zomba nayonso ndi ya mtundu womwewo.

Nditafika kunyumba usiku umenewo ndinawauza agogo kuti phiri la kwanu lija linali lofiira ngati zija munaona pa foni, kungoti linazizira lisanatuluke. Anakhala chete kaye, kenako anandiuza kuti tikamapita kumudzi pa holide ndidzatenge foniyo ndikawaonetse amalume, ndipo tikatsike ku Likhubula ndikatole mwala umodzi ndiuone timibulu tomwe ndikunenato. Pakadali pano kamzere kanga m'kope kakukweranso, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chipumireni phiri lija.