Ndinkadziyesa Msamariya

Chaka chino ndikuchita nawo maphunziro a Loweruka omwe anakonzera akulu a mpingo ndi alaliki, ndipo chigawo chino tili pa mbiri ya mpingo. Mwezi watha aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe ndime imodzi ya m'Baibulo n'kufufuza m'mene akhristu a zaka 500 zoyambirira ankaimvera. Ine ndinathamangira Luka 10:25-37, fanizo la Msamariya wachifundo, poganiza kuti ndi ntchito yopepuka. Ndimeyi ndailalikirapo kumlaga, ku Sande sukulu ndi pa msonkhano wa achinyamata, ndipo uthenga wanga sunkasintha: musakhale ngati wansembe ndi Mlevi, khalani ngati Msamariya.

Woyamba kumuwerenga anali Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, yemwe anabadwa cha m'ma 185. Maulaliki ake a pa Luka anatifika chifukwa Jerome, katswiri wina wakale wa Malemba, anawamasulira m'Chilatini. Mu ulaliki wa 34, Origen akufotokoza zomwe akuti anazipeza kwa mkulu wina wakale. Munthu wotsika kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko uja ndi Adamu. Yerusalemu ndi paradizo, Yeriko ndi dziko lino, achifwamba ndi mphamvu zodana ndi Mulungu. Wansembe ndi Chilamulo, Mlevi ndi aneneri, Msamariya ndi Khristu. Bulu yemwe ananyamula wovulalayo ndi thupi la Ambuye, nyumba ya alendo ndi mpingo, ndipo lonjezo la Msamariya loti adzabweranso ndi kubweranso kwa Yesu.

Ndinatseka bukulo mtima utandiwawa. Ndinaona ngati munthu watenga nkhani yomveka bwino, yoti ngakhale mwana atha kuimva, n'kuisandutsa mwambi woti mpaka wina akuuze yankho. Ndinalimba mtima nditamva kuti John Calvin, yemwe ife a mpingo wathu timatsatira chiphunzitso chake, naye anakana kamasuliridwe kameneka polemba za Mauthenga Abwino mu 1555. Iye ankaona kuti n'kusewera ndi Malemba. Loweruka lotsatira ndinawauza aphunzitsi zimenezo. Sananditsutse. Anangoti ndikawerenge Yohane 8:48-49, kenako ndibwererenso kwa Luka pang'onopang'ono.

Pa Yohane paja anthu akunyoza Yesu kuti ndi Msamariya ndiponso ali ndi chiwanda. Yesu akuyankha kuti alibe chiwanda, koma za Msamariya sakanapo. Origen anaziona zimenezi, Augustine, bishopu wakale wa kumpoto kwa Africa, nayenso anaziona. Ine ndawerenga Yohane kangapo konse, koma sindinaimepo pamenepa. Anthu awa Malemba anali nawo pamtima moti mawu a pa tsamba lina ankawakumbutsa mawu a pa tsamba lina, popanda foni yofufuzira ngakhalenso manambala a mavesi, poti manambalawo anabwera patapita zaka zoposa 1,000.

Nditabwerera kwa Luka ndinapeza china chomwe ndinkachidumpha masiku onse. Katswiri wa malamulo anafunsa kuti mnansi wake ndani. Pomaliza Yesu anatembenuza funsolo, n'kufunsa kuti mwa atatu aja, ndani anakhala mnansi wa munthu wovulazidwayo. Kuti uyankhe funso lotere uyenera kuliona utagona m'mbali mwa msewu, ukuyang'ana miyendo ya anthu odutsa. Yesu anayamba wamugoneka pamenepo katswiriyo asanamuuze kuti apite akachite chimodzimodzi. Makolo a mpingo ponena kuti wovulalayo ndi Adamu, kutanthauza ine ndi inu, anali atagwira malo enieni omwe fanizoli limamuika womvera. Ndipo Origen sanataye lamulo lochitira ena chifundo. Ulaliki wake umathera pomwepo, kuti titsanzire Khristu pochitira chisoni ogwa m'manja mwa achifwamba. Kungoti iye amafika pamenepo atadzera njira yomwe ine ndinkailambalala.

Usiku womwewo ndinakumbuka zomwe zinandichitikira nyengo ina ya dzinja. Ndinali pa kabaza wa njinga yamoto, mvula itangokata, ndipo tinaterereka pa chitsikiro cha msewu wafumbi. Woyendetsa anakomoka, ine mwendo unakanika kuponda. Panadutsa galimoto ziwiri. Amene anaima anali bambo wina wogulitsa makala, mmodzi wa anthu omwe ndinkawadzudzula paguwa kuti akutha mitengo. Anamasula matumba ake awiri pa njinga yake yopalasa n'kuwasiya patchire, anaitana anthu a m'mudzi wapafupi kuti asamale woyendetsa uja, ine n'kundikweza pa keliyala. Ndimakumbukabe chingwe cha mphira chomwe anandimangira nacho mwendo ku kamtengo, ndi malaya anga oyera atada bii ndi fumbi la makala. Anakankha njingayo mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo nditafuna kumupatsa kangachepe anakana. Nkhaniyi sindinainenepo paguwa ngakhale kamodzi. Pano ndikuona chifukwa chake: sinkagwirizana ndi malo omwe ndinkadzipatsa m'fanizoli. Ndinkafuna kukhala wonyamula, osati wonyamulidwa.

Augustine anandifikitsa patali kuposa pamenepa. Iye anabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, ndipo anakhala bishopu wa ku Hippo mpaka pomwe anamwalira mu 430. Tikamamva anthu akuti Baibulo linabwera ndi azungu, ndi bwino kukumbukira kuti kumpoto kwa Africa ankakangana za tanthauzo la Luka zaka zoposa 1,500 Buku Lopatulika lathu lisanatuluke mu 1922, ngakhale ankatero m'Chigiriki ndi m'Chilatini. Augustine akuti munthuyo anasiyidwa ali pafupi kufa chifukwa mbali ina ngwamoyo, poti atha kudziwa Mulungu, mbali ina ngwakufa ndi uchimo. Yeriko akumumasulira kuti mwezi, chifukwa mwezi umaoneka, umakula, umachepa, n'kuzimirira, monga moyo wathu. Koma chomwe chinandigwira ndi nyumba ya alendo. Kwa iye mpingo ndi malo omwe wovulala amasiyidwa kuti azisamalidwa mpaka Msamariya uja, yemwe ndi Khristu, atabweranso. Munthuyo sanachire tsiku lomwelo. Mabala adakalipo, ndipo ndalama ziwiri zija Msamariya anazisiya chifukwa kuchira kumatenga nthawi.

Sindinganene kuti ndavomereza zonse. Augustine akati mwini nyumba ya alendo ndi mtumwi Paulo, pomwe Origen akuti ndi mtsogoleri wa mpingo, ndipo Irenaeus wa ku Lyon cha m'ma 180 anati ndi Mzimu Woyera, ndimaona kuti Calvin anali ndi chifukwa chodandaulira. Ukangozolowera kupatsa tanthauzo kanthu kalikonse, ngakhale chingwe cha bulu chidzakhala ndi uthenga wake. Ngakhale m'nthawi yawo yomweyo panali osakondwa nazo. Aphunzitsi a ku Antioch ankalimbikira tanthauzo la mawu monga analembedwera, ndipo John Chrysostom, yemwe anakulira kumeneko, ankalalikira mosapsatira. M'maulaliki ake a za Lazaro ndi munthu wachuma uja ananena kuti kusagawana chuma ndi osauka n'kuwabera. Mawu oterewa sindinawamvepo pa tsiku la zopereka.

Pali zinanso zolemera kuposa izi. Chrysostom yemweyo mu 386 ndi 387 analalikira maulaliki onyoza Ayuda, omwe anadzagwiritsidwa ntchito polimbikitsa chidani. Augustine anatenga mawu a pa Luka 14:23, oti muwaumirize alowe, n'kuvomereza nawo kuti boma likakamize akhristu a gulu la Donatus kubwerera mumpingo wake. Zimenezi zinandipweteka, makamaka chifukwa Augustine yemweyo ndiye analemba m'buku lake lophunzitsa kamasuliridwe ka Malemba kuti amene akuganiza kuti wamvetsa Malemba, koma kumvetsa kwakeko sikukumanga chikondi cha pa Mulungu ndi pa mnzake, ndiye kuti sanamvetse. Muyeso umenewo ndi wabwino, ndipo pa nkhani ya anthu a Donatus umamutsutsa mwini wake. Choncho ndimawawerenga monga timamvera agogo pa bwalo: mawu awo ngolemera, aona zambiri, koma nawonso ali ndi pomwe anapunthwa. Phindu lawo kwa ine n'lakuti zolakwa zawo n'zosiyana ndi zanga. Iwo sankawerenga Baibulo pofuna mfundo zitatu za momwe ungapambanire pa moyo. Ankafuna Khristu pa tsamba lililonse, ndipo poyerekeza ndi iwo ndinazindikira kuti ine ndinkadzifuna ndekha.

Lachinayi lapitali inali nthawi yanga yotsogolera mlaga. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, anthu okwana khumi ndi anayi, ndipo ndinawawerengera ndime yomweyi. Ndinawafotokozera za bambo wa makala, koyamba, kenako za Augustine ndi nyumba ya alendo. Panali chete kwa kanthawi. Gogo wina, yemwe nthawi zambiri amangomvetsera, anakonza chitenje chake n'kundifunsa kuti, “Nanga akulu, ngati mpingo ndi pogonekera ovulala, mwana uja tinamuimika chaka chatha chifukwa cha mimba, ndani wapitako kukamuona?”

Tinayang'anana. Palibe yemwe anapitako, ndipo ine ndinali nawo pa bwalo lomwe linagamula nkhaniyo. Amayi awiri anati apita Lamlungu tikaweruka, ine ndinawapempha kuti andidikire pa chipata.