Gitala wokamba nthano ku Senga Bay

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi pa Kamuzu Road dzuwa likuswa mtengo, Salima ndiye mukuidziwa kutentha kwake, nkukwera ka Sienta mpaka Senga Bay. Cholinga chinali kukapuma ndi kudya chambo chootcha basi.

Madzulo ndikuyenda mumchenga ndinapeza mnyamata wina, mphunzitsi wa nyimbo, ali ndi gitala wa nsambo za nayiloni uja amati classical. Sakhwatcha ndi kapulasitiki ayi, amakodola nsambo ndi zikhadabo za dzanja lamanja zomwe anazisiya dala kuti zitalike. Ndinati achimwene imeneyo ndi nyimbo yanji, iye akuti ndi El Decameron Negro ya Leo Brouwer wa ku Cuba, anaipeka mu 1981 kuchokera mu nthano za kumadzulo kwa Africa zomwe anatolera Mjeremani wina Leo Frobenius. Tangoganizani, nthano za kuno kwathu kukalembedwa ku Germany, kukasanduka nyimbo mmanja mwa munthu wa ku Havana, lero zikudzamvekera pamchenga wa Salima!

Gawo lachiwiri ndi lomwe linandigwira mtima, la anthu awiri okondana akuthawa kudutsa mchigwa momwe mawu amabwerera. Gitala amalira mokweza kenako nkubwereza zomwezo chapansipansi ngati wina akuyankha kuseri kwa phiri, mawu mulibe olo amodzi koma umachita kuwaona anthuwo akuthamanga. Bambo ena omwe amasoka ukonde chapafupi anangoti "ameneyo akuvomera kuti tili tonse". Ine thupi lonse tsembwe, chifukwa ndi momwemo ndithu, agogo amati padangotero ife nkumayankha.

Kenako mnyamata uja anatembenukira ku jazi, akuti Roland Dyens, katswiri wa gitala wobadwira ku Tunis yemwe anamwalira mu 2016, ankayamba makonsati ake ndi nyimbo yongopeka pompopompo asanafike pa zolembedwa. Bambo aja sanagonje, akuti jazi amene iwo akumudziwa ndi wa Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, wa banjo. Mnyamata uja anaseka nkuyamba kukodola kufupi ndi mlatho wa gitala, pomwe nsambo zimamangiriridwa pamimba pake, kuti alire mouma ngati banjo, bambo aja akuwomba mmanja ukonde uli pamiyendo.

Titazindikira kwada, nyali za asodzi a usipa zayamba kale kundandana panyanja. Bambo aja anapinda ukonde wawo nkumuuza mnyamatayo kuti mawa abwerenso, akufuna amve ngati okondana aja anakafika.