Zaka zitatu ndi 320d yanga mu Blantyre muno, dizilo kapena petulo?

Tsiku lomwe ndinawauza alamu anga kuti ndagula galimoto ya dizilo anandiyang'ana kaye nkufunsa kuti "alamu, ndiye mwayamba bizinesi yonyamula mchenga?" Iwo ali ndi Toyota Mark X, ija ya petulo V6, ndipo kwa iwo galimoto yothamanga ndi ya petulo basi. Sindinawadabwe, chifukwa kwathu kuno ukangoti dizilo anthu amaganiza za Canter, chigayo cha kumudzi, jenereta ya pa ofesi magetsi akathima, zinthu zaphokoso zofuka utsi zomwe zimagwira ntchito koma sizisangalatsa. Nanenso ndinkaganiza choncho mpaka nditayendetsa BMW 320d ya mnzanga kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba, pobwerera mtima unali utapita kale. Yanga ndi 320d ya mtundu wa E90, yakalekale ndithu, injini ya malita awiri yokhala ndi tebo.

Chomwe chimandikoka pa galimoto imeneyi si sipidi yapamwamba ayi, sipidi imeneyo ukaithamangira kuti pa misewu yathuyi, mbuzi, njinga za makala ndi apolisi a kamera ali ponseponse. Ndi mphamvu yokankha ija, amakaniko amati torque. 320d imatulutsa 350 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu imeneyi) singano ya ma rev, yoonetsa kuzungulira kwa injini, isanafike nkomwe pa 2000, pomwe inzake ya petulo ya thupi lomwelo, 320i, ili cha m'ma 200 Nm ndipo kuti uipeze mphamvuyo uyenera kuikweza ma rev kaye. Pa pepala ndi manambala chabe, koma pita pa msewu wa Zalewa umve. Wadutsa pa roadblock, wawoloka Shire, uli cha ku Phalula ndipo kutsogolo kwako kuli mathiraki awiri otsatizana akukwawa, mpata wooneka bwino ndi waufupi. Ine sindigwira giya nkomwe, ndimangoponda moto pang'ono, tebo imalira kamluzu kapansipansi ndipo msana umakanikizika ku mpando ngati munthu wakukankha ndi manja awiri, ukamati uyang'ane pa galasi mathiraki onse ali kumbuyo ndipo singano sinadutse 3000. Mark X ya alamu imawadutsanso mathirakiwo, mwinanso mwachangu, koma iyenera kubweza magiya awiri, injini nkukuwa mpaka 5000, aliyense m'galimoto amadziwa kuti pachitika zinthu. Mu dizilo mwana wagona kumbuyo sadzuka.

Pa zitunda ndiye pamene imaoneka bwino. Aliyense amene anabwerako ku Chikwawa akudziwa mtunda wa Thabwa, makona pamwamba pa makona, kutentha kwa kuchigwa kukadali m'galimoto, thiraki ya shuga yochokera ku Nchalo ili patsogolo. Galimoto ya petulo yaing'ono pamenepo imakhala ikusakasaka giya, kukwera, kutsika, kukweranso. Dizilo imangogwira giya imodzi nkumakwera ngati msewu ndi wathyathyathya. Chimodzimodzi kuchoka pa Ntcheu kukwera kupita ku Dedza.

Makaniko wanga, bambo wachikulire amene anayamba ntchitoyi pa mathiraki, anandifotokozera bwino tsiku lina atatsegula boneti. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya kwambiri, ka 16 kapena kuposa pomwe ya petulo imathera cha pa 10 kapena 11, mpweyawo umatentha koopsa ndiye ma injekita akapopera mafuta amayaka okha. Kupanikiza kumeneko ndi kumene kumapangitsa kuti lita imodzi ikufikitse patali, kuonjezera apo lita ya dizilo payokha ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita ya petulo. Thanki yanga ndi ya malita pafupifupi 60, ndipo ndikathira full kuno ndimapita ku Lilongwe, makilomita 300 ndi kanthu, kuzungulira mu town momwemo, kubwerera mpaka kunyumba osaimanso pa filing'i. Alamu pa ulendo womwewo amayenera kuthiranso, ndinaona ndi maso anga titatsatana popita ku ukwati.

Ndipo zoti dizilo singathamange ndi zakale. Mu 2006 Audi R10 TDI inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France, koyamba kuti galimoto ya dizilo ichite zimenezo, kenako mu 2009 Peugeot 908 nayo ya dizilo inapambananso. Mbali ina ya chinsinsi chake inali yomweyi, imayenda nthawi yaitali isanaime kukathira mafuta. Ngakhale Volkswagen inatulutsa Golf GTD ya dizilo pambali pa GTI ya petulo yotchukayo, ya Mk7 GTD ili ndi 380 Nm pomwe GTI ili ndi 350, ngakhale kuti mukaimika ziwirizi pa mzere GTI ndi imene imafika pa 100 poyamba.

Koma ndisaname kuti petulo ilibe zake. Ndikayendetsa Mark X ya alamu pali chinthu chimodzi chomwe yanga singandipatse, kulira kwa V6 singano ikamakwera kudutsa 6000, mphamvu ikuonjezereka mpaka kumapeto. Dizilo ikafika 4500 yatha mpweya, palibenso chomwe upezeko, umangosintha giya. Mmawa ikangoyaka imagogoda ngati thirakitala mpaka itatenthera, ndipo injini yake ndi yolemera, pa makona othina a msewu wa Thyolo umamva kuti mphuno ikufuna kupita molunjika pang'ono. Munthu amene amakonda galimoto chifukwa cha phokoso ndi ma rev, agule petulo, ndilibe naye mkangano.

Vuto lalikulu ndi lina, ndipo ndi limene ndimafuna anthu a mu Blantyre muno alimve asanatumize ndalama ku Japan kapena ku UK. Dizilo yamakono siikonda maulendo afupiafupi. Zambiri zili ndi sefa ku ekisozi yotchedwa DPF, imagwira mwaye, ndipo kuti mwayewo upse ekisozi iyenera kutentha kwambiri kwa kanthawi, zomwe zimachitika ukamayenda mtunda wautali osaimaima. Nanga ngati moyo wako ndi Chilomoni kupita pa Ginnery Corner, kuima pa mzere wa pa Chipembere Highway mmawa ndi madzulo, Loweruka pa Chichiri kukagula zinthu, Lamlungu ku tchalitchi? Injini isanatenthe wafika kale. Chaka changa choyamba ndinakhala miyezi ingapo osatuluka mu town, tsiku lina ndikukwera kuchoka pa Clock Tower getsi lachikasu linayaka pa dashibodi ndipo galimoto inafooka, kuponda moto mpaka pansi koma ikungoyenda ngati yamangidwa chingwe kumbuyo. Makaniko atailumikiza pa kompyuta anangoti, "bwana, galimoto iyi mwaiika mu khola. Iyi ndi ya msewu, muziitulutsa." Anaitsuka sefayo, ndipo kuyambira pamenepo sipadutsa masabata awiri osaipititsa ku Zomba kapena ku Mulanje kuti ipume bwino.

Ena amangoichotsa DPF yo nkupanga mapulogalamu a kompyuta kuti getsi lisayakenso. Ine zimenezo ayi. Ndinaimapo kumbuyo kwa galimoto yotereyi mu Limbe, mwini wake ataponda moto utsi wakuda bii unakuta amayi ogulitsa tomato ndi nthochi m'mbali mwa msewu, wina ali ndi mwana kumbuyo, anangotseka kukamwa ndi chitenje. Utsi wa dizilo si wamasewera, umalowa mpaka m'mapapo. Nkhani ya Volkswagen ya mu September 2015, atagwidwa ku America kuti galimoto zawo za dizilo zimanamiza makina oyeza utsi, inayambira pomwepa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ku Ulaya anthu ambiri anayamba kuithawa dizilo.

Kenako pali nkhani ya mafuta enieniwo. Nthawi ija mafuta anasowa, mizere itafika kutali pa filing'i iliyonse, mzere wa dizilo unali wa tonse, mathiraki, mabasi, a zigayo ndi a majenereta ndi zigubu zawo. Usiku wina ndinali ndi wodwala ku chipatala, singano ili pa E, ndinagula malita khumi a m'chigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Patangopita masiku ochepa injini inayamba kunjenjemera pa idling, kuvuta kuyaka mmawa. Makaniko atamasula fyuluta anathira zomwe zinali m'katimo mu botolo la galasi nkuliika pa dzuwa, pansi panakhazikika madzi ndi zinyalala zofiirira, mafuta akuyandama pamwamba. Ma injekita a dizilo yamakono, aja a common rail, amagwira ntchito pa mphamvu yoposa 1600 bar, timabowo take nting'onoting'ono zedi, kadontho ka madzi kapena kamchenga kakwana kuwononga. Ma injekita awiri anafa. Panali pambuyo pa kugwa kwa kwacha kwa November 2023, kuja inatsika ndi 44 peresenti, ndipo zipangizozo zinayenera kuchokera ku Johannesburg, ndalama zomwe ndinapulumutsa pa mafuta chaka chonse zinathera pomwepo. Galimoto ya petulo ikamwa mafuta oipa nayonso imadwala, koma nthawi zambiri fyuluta, mapulagi, kutsuka thanki, zatha, ndipo zipangizo za Toyota ukazisowa mu Limbe ukazipeza ku Ndirande, makaniko aliyense amaidziwa. Dizilo yamakono imafuna oilo wake weniweni, fyuluta ya mafuta yosinthidwa pa nthawi yake ndi munthu wodziwa kompyuta, osati wongoyesa.

Ndiye mnzanga wina wa ku ntchito atandifunsa ngati atenge Mazda Atenza ya dizilo 2.2 imene anaiona pa intaneti, ndinamufunsa kaye kuti pa mwezi amatuluka kangati mu Blantyre. Anati mwina pa Khirisimasi. Ndinamuuza kuti atenge ya petulo, asadzandide. Koma ine ntchito yanga pano ndi ya pa msewu, Lilongwe kawiri pa mwezi, Nchalo, nthawi zina Mangochi, ndipo pa moyo umenewo sindinapeze galimoto ya petulo yondipatsa mphamvu zotere pa mafuta ochepa chonchi.

Mwezi watha tikuchokera ku maliro ku Chikwawa alamu anasiya Mark X yawo kunyumba, tinakwera yanga, ndipo pa Kamuzu Bridge ndinawapatsa kiyi. Anakwera Thabwa yonse ali chete, dzanja lili pa giya koma osaisuntha. Titafika pamwamba anangofunsa kuti fyuluta ya mafuta ndimasintha pa makilomita angati.