Masekondi amene injini ya jeti imafuna

Sabata ino pa phunziro la chitetezo cha ndege ndimawerenga za ngozi ya ku Salt Lake City, m'dziko la America, ya pa 11 Novembala 1965. Ndinayamba mwaulesi, poganiza kuti ndi nkhani ya woyendetsa wosasamala basi. Koma ndakhala masiku atatu ndikusinkhasinkha za dzanja limodzi limene linakankhidwa m'chipinda cha oyendetsa.

Ndegeyo inali Boeing 727 ya United Airlines, ulendo nambala 227, yochokera ku New York kupita ku San Francisco, yoima m'mizinda ingapo panjira. Itachoka ku Denver, inayandikira Salt Lake City kutada, ili m'mwamba kuposa mmene inayenera kukhalira. Pofuna kupeza msewu woterapo, inkatsika mamita pafupifupi 700 pa mphindi, pafupifupi katatu kuposa mlingo woyenera. Amene ankayendetsa anali wachiwiri kwa kaputeni. Iyeyu atatambasula dzanja kuti awonjezere mphamvu ya injini, kaputeni analikankha n'kumuuza kuti nthawi sinakwane. Pamene mphamvu inawonjezeredwa, madzi anali atafika kale m'khosi. Ndege inamenya pansi kutatsala mamita ngati 100 kuti ifike pa msewuwo.

Apa ndi pamene ndinazindikira umbuli wanga. Ine ndinkaona injini ya ndege ngati ya galimoto: waponda, yalira, wapita. Ndege zakale za mapulopela zinalidi choncho pang'ono. Ukawonjezera moto, mphepo ya pulopela inkawomba pa mapiko nthawi yomweyo, ndege n'kusiya kumira. Jeti ndi nyama ina. Injini ikakhala kuti yatsitsidwa kwambiri, imafuna masekondi angapo kuti izungulire mokwanira isanayambe kukankha. Komanso injini zitatu za 727 zili kumchira, ndiye palibe mphepo yake imene imathandiza mapiko.

Ndinatenga pepala n'kuwerengetsa ndekha. Mamita 700 pa mphindi ndi pafupifupi mamita 12 pa sekondi iliyonse. Tingoyerekeza kuti injini yachedwa masekondi 6: ndege yamira kale mamita 70, woyendetsa atachita zonse zoyenera, akungodikira. Nambala imeneyi yandikhalira m'mutu kuposa ndime zonse zimene ndinaloweza mwezi watha.

Kaputeniyo sanali mwana pa ntchito. Anali ndi maola masauzande ambiri m'mwamba, ochuluka ake pa ndege za mapulopela, ndipo maphunziro osinthira ku jeti anamuvutapo. Ine ndikuona kuti luso lake lakale lomwelo ndi limene linamupusitsa: maso ake ankayeza nthawi ya ndege ina, osati imene anakwera tsikulo. Bungwe la Civil Aeronautics Board, lomwe linkafufuza ngozi za ndege ku America nthawi imeneyo, linapeza kuti cholakwa chinali kuchedwa kwake kuletsa kutsika kopitirira muyeso. Sindikutsutsa. Kungoti zimandivuta kuloza munthu mmodzi chala pamene masiku atatu okha m'mbuyomo, pa 8 Novembala, 727 ya American Airlines inagwa poyandikira Cincinnati n'kupha anthu 58, ndipo mu Ogasiti ina ya United inali itagwera m'nyanja ya Michigan. Ndege ya mtundu wa 727 inali itangoyamba kunyamula anthu mu 1964. Ofufuza sanaipeze ndi chilema. Oyendetsa ndiwo anali asanaizolowere, maka ikatambasula timapiko ta kumbuyo kwa mapiko ake mpaka madigiri 40, pamene imatsika ngati mwala ukaimana mphamvu. Pambuyo pake makampani ambiri analamula kuti potera azilekezera pa madigiri 30.

Gawo limene linandiwawa kwambiri ndi la imfa zenizenizo. M'ndegemo munali anthu 91, ndipo 43 anamwalira, koma kumenya pansiko sikumene kunawapha. Miyendo ya matayala itathyoka inang'amba mapaipi a mafuta odutsa pansi pa anthu, moto n'kubuka ndege ikukhwekhwereza pa msewu. Anthu anali amoyo ndege itaima. Utsi ndi moto zinawapeza asanafike pakhomo.

M'kope langa ndinali nditayamba kulemba ngoziyi pansi pa mutu wa zolakwa za oyendetsa. Ndafufuta, ndipo ndailemba kawiri: kamodzi pa kagwiridwe ntchito ka injini, kenanso pa katulutsidwe ka anthu moto ukabuka, mutu umene ndikuyamba Lolemba.