Carvedilol pa mtima wofooka chifukwa cha doxorubicin

Doxorubicin, mankhwala ofiira aja amene amaperekedwa pa khansa ya bere ndi lymphoma (khansa ya m'mwanabere), amawononga mnofu wa mtima pang'onopang'ono. Chiopsezo chimakwera mulingo wonse umene munthu walandira ukadutsa 250 mg/m² (mulingo wowerengedwa molingana ndi kukula kwa thupi). Echo (sikani ya mtima) ikaonetsa kuti mphamvu yopopa magazi yatsika pansi pa 50 peresenti, dokotala amayambitsa beta blocker (mankhwala ochepetsa liwiro la mtima) monga carvedilol, nthawi zambiri pamodzi ndi enalapril, mankhwala ena a mtima ndi BP.

Carvedilol amayambira pa 3.125 mg kawiri patsiku, kumwa pamodzi ndi chakudya kuti chizungulire chichepe. Pakatha masabata awiri aliwonse mulingo umawirikizidwa mpaka 25 mg kawiri patsiku, bola BP isatsike kwambiri ndipo mtima usagunde pansi pa 50 pa mphindi. Kuthamangira mulingo waukulu n'kulakwitsa: miyendo imatupa, mpweya umabanika.

Wodwala amene mapapo adzaza madzi ayambe wachotsedwa madziwo ndi furosemide, mankhwala okodzetsa. Wa mphumu, carvedilol ayi. Bisoprolol wa 1.25 mg, beta blocker wina, ndiye angayesedwe mosamala.

Nthawi ndiyo nkhani yaikulu. Kafukufuku wa Daniela Cardinale ku Milan mu 2010 adapeza kuti kwa oyamba mankhwala a mtima patadutsa miyezi 6 chimalizireni mankhwala a khansa, mtima sunabwerere mwakale. Ndipo ma beta blocker sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umathamanga moopsa.