Mmene ndinaphunzirira kulandira makalata m'tauni yopanda manambala a nyumba

Tsiku limene ndinapita kukayamba ntchito yosamalira agogo ena ku Carmel-by-the-Sea, m'boma la California, ndinazungulira msewu umodzi katatu ndili ndi chikwama kumanja. Mwana wawo wamkazi anali atandilembera keyala pa foni, koma munalibe nambala ya nyumba. Munali dzina la msewu, mbali ya msewuwo, mphambano yoyandikana nayo, kenaka mawu akuti geti lobiriwira, mtengo waukulu wa paini kumanzere. Ndinaganiza kuti nambala aiwala. Nditawaimbira anandiuza kuti sanaiwale kanthu, nyumba za kuno zilibe manambala.

Ine ndinakulira ku Ntcheu. Kulondolera munthu ndi chigayo, mjigo ndi mtengo wa mango ndi chinthu chomwe ndinayamwira. Makalata a m'mudzi mwathu ankadzera pa bokosi la sukulu, aphunzitsi aakulu n'kumaitana mayina pa mzere wa m'mawa kuti ana akapereke kwa makolo. Sindinkayembekezera kukapezanso zimenezi m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, m'dera lomwe kanyumba ka zipinda ziwiri kamagulidwa ndi madola oposa 2 miliyoni.

Nthawi imeneyo keyala ya ku Carmel inkalembedwa chonchi, mwachitsanzo: Lincoln 3 SE of 9th. Tanthauzo lake n'lakuti pita pamphambano ya msewu wa Lincoln ndi msewu wa 9th, uyang'ane chigawo cha kummwera chakum'mawa, uwerenge nyumba zitatu. Ukadziwa kuti nyanja ili kumadzulo ndiponso kuti misewu ya manambala imakwera popita kummwera, zonse zimayera. Vuto limabwera powerenga nyumbazo. Ina ili kuseri kwa inzake, ina yabisika ndi mpanda wa maluwa, ina garaja yake ikuoneka ngati nyumba payokha. Eni ambiri amapachika kathabwa ka dzina la nyumba pa geti, koma dzinalo silikhala pa mapu alionse.

Popeza manambala panalibe, wamtokoma wa boma sankafika pakhomo. Aliyense amakatenga yekha makalata ku positi ofesi ya pa 5th Avenue, pakati pa misewu ya Dolores ndi San Carlos. Iyi inali ntchito yoyamba imene anandipatsa. Agogo anachotsa kakiyi pa mbedza ya kukhitchini n'kundiuza nambala ya bokosi. Anati, "Mukapita musathamangire kubwera. Mukamve zimene anthu akukamba, mudzandiuze."

Mawu amenewo ndinawamvetsa nditalowa m'nyumbayo. Makoma ake ndi mabokosi okhaokha, timakomo tating'onoting'ono tondandalikana, koma anthu sabwerera makalata okha. Amaima m'timagulu, agalu ali pa zingwe, kufunsana za maondo ndi za amene wagonekedwa m'chipatala, ena atatenga nyuzipepala ya m'deralo, Carmel Pine Cone, yomwe yakhala ikutuluka kuyambira 1915. Pafupifupi mutu uliwonse unali wa imvi. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 3,722 m'tauniyi, wa 2020 anapeza 3,220. Anthu akuchepa, otsalawo akukalamba, ndipo nyumba zambiri ndi za anthu okhala kwina amene amabwera pa tchuthi basi. Mumsewu wathu, usiku, nyumba zoyaka magetsi zinkatha kuwerengeka ndi dzanja limodzi. Achinyamata amene umakumana nawo masana ndi alendo odzaona malo kapena ife antchito, osamalira okalamba, okonza maluwa, ophika m'malesitilanti, ambiri ochokera ku Seaside, Marina ndi Salinas, kumene lendi munthu angaikwanitse.

Kutenga makalata a agogo kunali kosavuta, kiyi ndinali nayo. Nkhani inakula pamene ndinafuna kuti anga azifikiranso pomwepo, popeza ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo ndipo ndinkadikira makalata ofunika a banki ndi a inshuwalansi. Ndinapita pa kauntala n'kufotokoza. Mayi amene anandithandiza anandiuza mwaulemu kuti kalata ya munthu amene dzina lake silinalembedwe pa bokosi ikhoza kubwezedwa kumene yachokera, ndiye panali njira ziwiri: nditsegule langa, kapena mwini bokosi andiwonjezere pa lake. Njira zonse zimadzera pa fomu imodzi, yotchedwa PS Form 1093, ndipo pamafunika ziphaso ziwiri, china cha chithunzi, china chotsimikizira kumene munthu ukukhala.

Cha chithunzi ndinali nacho. Chachiwiricho n'chimene chinandizunguza mutu. Ungatsimikize bwanji kuti ukukhala m'nyumba yopanda nambala, yomwe si yako, imene mabilu ake onse ali m'dzina la munthu wina? Laisensi yanga inali ikadali ndi keyala yakale ya ku Seaside. Ndinabwerera wopanda kanthu. Madzulo ndinaimbira mwana wa agogo uja, ndipo tinagwirizana kuti alembe pangano la lendi ya kachipindako, mokhala dzina langa ndi malongosoledwe a nyumba monga momwe alili pa mapepala awo a madzi ndi magetsi, liwu ndi liwu. Ichi n'chimene ndingalangize aliyense wobwera kuno: musapeke malongosoledwe anuanu. Nyumba imodzi itha kulongosoledwa m'njira ziwiri, kuchokera pamphambano ya kumpoto kapena ya kummwera, ndipo mapepala anu akasiyana kalembedwe, kompyuta imaona ngati nyumba ziwiri.

Tinasankha zondiwonjezera pa bokosi lawo, choncho agogo anayenera kupita okha kukasaina. Mtunda wake mwana angauthamange mphindi zisanu. Ife unatitengera theka la ola kungochoka pakhomo kukafika m'galimoto ndi kupeza poimika. M'misewu ya nyumba za anthu mulibe njira za simenti za oyenda pansi, mulibenso magetsi a mumsewu, ndipo mizu ya mitengo yatukumula phula m'malo ambiri. Tauniyi imakonda mitengo yake kwambiri moti pena msewu ndi umene umapatukira mtengo. Mpaka pali lamulo la mu 1963 lakuti wofuna kuvala nsapato za gogoda zazitali kuposa mainchesi awiri ndi zosongoka atenge chilolezo, lomwe linakhazikitsidwa poopa milandu ya anthu opunthwa. Alendo amalitenga ngati nthabwala. Ukagwira mkono wa munthu wa zaka 88 pa msewu womwewo, umaona kuti kupunthwako n'koona.

Atalowa mu positi ofesi, agogo anasintha nkhope. Anthu anayi anawazungulira. Wina anawakumbutsa za chaka cha 1986 pamene katswiri wa mafilimu Clint Eastwood anasankhidwa kukhala meya, wina anawafunsa za maluwa awo. Kusaina kunatenga mphindi zitatu, macheza anatenga ola. Ine ndinaonetsa ziphaso zanga, dzina langa linalembedwa, ndipo patatha sabata ziwiri kalata yanga yoyamba inafika. Tikubwerera tsiku losainalo, agogo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwaona? Akatipatsa manambala, zonsezi zitha. Aliyense azingokhala kwake." Ndinawamvetsa. Koma ndinadziwanso kuti asanapite tsiku limenelo, panali patatha miyezi isanu ndi iwiri asanapondemo.

Khonsolo ya mzinda imalipira kampani ina kuti izikatula makalata pakhomo kwa anthu amene sangathe kuyenda. Ndinakafunsa za izi ku maofesi a khonsolo pa msewu wa Monte Verde, kuti zidzatithandize masiku amene ine ndachokapo. Agogo anakana kwamtuwagalu. Kulembetsa kunali ngati kuvomera kuti basi, ku positi sadzapitanso. Sindinawakakamize.

Chimene chinandidyera nthawi yambiri ndi maphukusi. Phukusi lobwera pa positi ya boma silivuta: umapeza kapepala m'bokosi, n'kukalitenga pa kauntala. Koma makampani ena onyamula katundu salandira keyala ya bokosi, amafuna nyumba. Ndiye ukamagula chinthu pa intaneti sudziwa kuti wogulitsayo atumiza kudzera mwa ndani. Ukalemba bokosi lokha, lingakanidwe. Ukalemba malongosoledwe a nyumba okha, n'kupezeka kuti labwera pa positi, palibe wolifikitsa. Ndinaphunzira kulemba zonse ziwiri, malongosoledwe pa mzere woyamba, nambala ya bokosi pa wachiwiri, ndi nambala ya dera ya 93921, osati 93923 yomwe ndi ya madera ozungulira kumene nyumba zili ndi manambala ndipo makalata amafika pakhomo. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa konse amakutcha Carmel.

Nthawi ina njira imeneyi inakanika. Dokotala anawalembera agogo mankhwala ofunika kusungidwa mozizira, otumizidwa kuchokera kutali. Fomu ya pa intaneti ya malo ogulitsirawo inkakana keyala yathu, ikuti kulibe nyumba yotero. Ndinaimba foni, ndinafotokozera munthu woyamba, anandipatsira wachiwiri, kenaka wachitatu amene anavomera kuilemba pamanja. Tsiku lofika phukusilo ndinamata pepala lalikulu pa geti n'kukhala pa mpando panja kuyambira 9 koloko. Pofika 3 koloko foni inaonetsa kuti laperekedwa, pamene ine palibe chimene ndinalandira. Pa chithunzi chimene dalaivala anajambula panali khomo labuluu ndi mphika wa maluwa ofiira. Ndinayenda nyumba ndi nyumba ndikuyerekeza ndi chithunzicho, mpaka ndinalipeza pa nyumba ya eni ake okhala kutali, mbali ina ya mphambano. Dalaivalayo anawerenga bwino nyumba zitatu, anangoyambira ngodya yolakwika. Sindinamukwiyire, inenso ndinasokera chimodzimodzi tsiku loyamba. Madzi oundana m'phukusimo anali asanasungunuke onse, mankhwala anapulumuka. Kuyambira pamenepo tinasamutsira mankhwalawo ku famase ya pafupi kuti ndizikatenga ndekha.

Zimenezi zinandichititsa kuganiza za usiku. Ngati phukusi lasokera dzuwa likuswa mtengo, nanga ambulansi pakati pa usiku, nkhungu ya kunyanja itakuta msewu wopanda magetsi? Ndinatenga khadi, n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu zonse zoti ndidzanene: msewu, mbali yake, mphambano ziwiri zotizungulira, nyumba yachingati, mtundu wa geti. Ndinamata khadi limodzi pa firiji, lina pafupi ndi bedi la agogo, ndipo ndinaika tochi pakhomo. Ndinkabwereza mawuwo pamtima ndikutsuka mbale, chifukwa ndikudziwa kuti mantha akandigwira Chingerezi changa chimathawa.

Linafika tsiku lake mu February 2024. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva kugwa m'bafa. Ndinawapeza pansi, akuyankhula koma osatha kudzuka. Ndinaimba 911, ndinawerenga khadi lija kuyambira pamwamba mpaka pansi osadumpha liwu. Wolandira foniyo anabwereza zimene ndinanena, n'kundifunsa ngati pali wina woti akaime panja. Panalibe. Ndinawafunditsa bulangete, ndinayatsa magetsi onse a m'nyumba, ndinawauza kuti, "Agogo, ndikupita pa geti, mundimva ndikuyankhula nanu," kenaka ndinatuluka ndi tochi, chitseko chili chotsegula. A ambulansi anafika msanga. Anthu amenewa tauniyi amaidziwa ngati chikhatho chawo. Koma mphindi zimene ndinaima mumsewu ndikugwedeza tochi zinali mphindi zimene mayi wokalamba anagona yekha pa simenti yozizira, ndipo nyumbayo ikadakhala ndi nambala yooneka, ndikadakhala pambali pawo.

Mkangano wa manambala ndi wakale kuno. Tauniyi inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1916, ikukoka olemba ndi ojambula, ambiri atabwera chivomezi cha ku San Francisco cha 1906 chitachitika, ndipo anthu amenewo ankafuna mudzi wa m'nkhalango, osati mzinda. Mu 1953 anthu a kuno anaopseza kuti adzipatula ku California boma likawakakamiza kuika manambala. Mu July 2024 makhansala anavota, atatu kwa awiri, kuti ntchito yopereka manambala iyambike. Ku positi sabata imeneyo kunalibe nkhani ina. Okana ankati mudzi wawo ukuphedwa pang'onopang'ono. Ovomera ankakamba za mabanki, inshuwalansi, mankhwala ndi ma ambulansi.

Agogo, fupa la m'chiuno litalumikizidwa ndi chitsulo, anali akadali kumbali yokana. Anandifunsa maganizo anga tikudya chakudya cha m'mawa. Ndinawauza zoona. Ndinati kwathu timalondolerana ndi mitengo chifukwa manambala sanatifikire, ndipo mnansi aliyense amadziwa kuti kwa uje ndi pati, moti mlendo akasokera mwana amamuperekeza. Kuno anansiwo theka kulibe, nyumba zawo n'zotseka, ndipo amene amanyamula mtolo wa mwambowu ndi odwala ndi ife owasamalira. Ndinati nambala itha kukhala pa geti, bokosi la ku positi n'kukhalabe, anthu n'kumakumanabe.

Anakhala chete akutakasa tiyi. Kenaka anandiuza kuti ndiwatengere fomu ija ya khonsolo, yoti makalata azibwera pakhomo, koma Lachisanu lokha ndiziwatenga pa njinga yawo ya olumala kupita nawo ku positi. Lachisanu lotsatira tinanyamuka 10 koloko. M'bokosi munali bilu ya madzi ndi kalata yochokera kwa amayi anga, ya masitampa a ku Malawi, imene inayenda milungu isanu. Kuseri kwa envulopu analemba keyala yobwezera, bokosi la sukulu lomwe lija.