Lachiwiri: tomato pa tala ndi kalata ya chikwangwani

Lero ndadzuka 5 koloko kunja kuli chifunga chija cha kuno ku Mzuzu choti nyumba ya aneba osaiona, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Ndimati likhala tsiku ngati masiku onse koma lathera pa nkhani ya msewu basi.

Cha m'ma 6:40 ndikuperekeza mtsikana wanga wa sitandade 2 kusukulu, tangofika pa mphambano pathu paja pomwe kamsewu kochokera kuchigayo kamakumana ndi msewu wotsikira m'tauni, kwangotulukira Sienta yoyera m'chifungamo, magetsi osayatsa, hutala osaimba, liwiro ngati ili pa M1 ikupita ku Karonga. Mnyamata wa Sacramento, njinga za kabaza zija, anali atakweza mayi wina ali ndi beseni la tomato pamiyendo, pothawa galimotoyo anakhotera mu ngalande onse awiri khuu pansi. Mwamwayi palibe wathyoka, mayiyo wangosupuka pachigongono, koma tomato yense mbwee pa tala. Galimoto ija siinaime n'komwe. Mwana wanga anandigwira chitenje mpaka pa geti la sukulu osayankhula kanthu, kadzanja kakunjenjemera, ndipo chimenechi ndi chomwe chandipweteka tsiku lonse, kuntchito ndimangoona kadzanja komweko.

Msewu uwu uli wafumbi tinkadandaula matope ndi maenje, kumene, koma maenje omwewo ndi amene ankatisungira ana. Chiikireni tala wasanduka shotikati ya mataxi ndi njinga zamoto, aliyense akuthamangira kukatenga pasenja wina mnzake asanamutenge.

Madzulo a buloko lida anaitanitsa anthu pakhonde pawo, tinalipo mwina 20, Chichewa ndi Chitumbuka zikungosakanikirana poti aliyense mtima unali m'mwamba. Anyamata amati mawa lomwe tiunjike dothi ndi miyala tipange hampu yathu. A buloko lida anakana, akuti msewu si wathu woti tizingoumbapo zinthu, komanso hampu yopanda penti usiku ikhoza kupha wa njinga yamoto ndiye mlandu ukhala wa ife. Anatilongosolera kuti misewu ikuluikulu ngati M1 ndi M5 ya ku Nkhata Bay ili m'manja mwa Roads Authority, koma yam'malokeshoni ngati wathuwu ndi ya khonsolo, ndiye njira yake ndi kalata kudzera kwa a khansala.

Kenako mkangano wa chikwangwani cha STOP. Abambo ena amati chikwangwani ndi chitsulo chabe sichigwira munthu mwendo, komanso akuba adzazula kukapangira mbaula. Zoona zimenezo sindikukana. Koma ine ndinawauza kuti abambo, panopa pa mphambano paja aliyense amadziona kuti njira ndi yake, wochokera kuchigayo sadikira, wotsikira m'tauni sadikira, ndiye tsiku lomwe agundane tidzati wolakwa ndani? Chikwangwani chikakhalapo nkhani imadziwika, woima ndi uyu, ndipo a trafiki amakhala ndi poloza. Ana nawonso umatha kuwaphunzitsa kuti muziwolokera apa pomwe magalimoto amaima, pano ndimuuza chani mwana, aziwolokera pati?

Amene anatithandiza kwambiri ndi aneba athu ena omwe nawo amayendetsa taxi. Anati galimoto ikamayenda pa makilomita 50 pa ola, sekondi imodzi yokha yadutsa kale mamita pafupifupi 14 dilayivala asanaponde n'komwe buleki, pomwe pa 30 ndi mamita 8 basi. Tinatuluka kukayeza ndi mapazi kuchokera pa kagolosale kukafika pa polo ya magetsi, ndiye taganizani m'chifunga cha m'mawa chija munthu umaona patali bwanji. Pamenepo phokoso linatha. Iwo omwe anavomera kuti STOP payekha anzawo ena adzangomudutsa, pafunika hampu patsogolo pake yoti iwakakamize kutsitsa sipidi.

Ndiye kalata ndalemba ine poti akuti ndili ndi dzanja labwino. Tapempha zikwangwani ziwiri za STOP pa kamsewu ka kuchigayo mbali zonse, hampu yopentedwa usanafike pa mphambano, ndi mizere yowolokera ana pafupi ndi sukulu. Tili mkati mosaina anafika mayi wa tomato uja chigongono atamanga ndi kansalu, kaya anamva kwa ndani. Anangoti "mayi, dzina langa mulembe pamwamba, mpamba wanga wonse wathera pamsewu paja." Ndinalemba pamwamba.

Kalata ili m'chikwama, Lachinayi tikaipereka ine ndi a buloko lida. Pogona mwana wandifunsa kuti amama mawa tidzeranso pomwe paja? Ndamuuza kuti ayi, tidzera kuseri kwa tchalitchi, ndi kotalikirapo ndiye tinyamuka 6:20.